MAZENERA A BALANI YA FODYA

Alimi ambiri pomanga balani yootchera fodya wa fuluu asamala ng'anjo ndi mapaipi, koma mazenera angoboola mongoyerekeza. Fodya wambiri aonongekera pamenepo.

Mpweya ukatentha upepuka, nukwera kukatulukira pa mazenera a kudenga, ndipo wozizira ulowa pa mazenera a m'munsi. Kuyenda kumeneku ndiko kuchotsa chinyezi ndi kutentha kopitirira. Koma mpweya sungatuluke wochuluka kuposa umene walowa. Mazenera akakhala ofanana, munthu nakulitsa kawiri a pamwamba okha, mpweya ungoonjezeka monga gawo limodzi la magawo 4. Akakulitsa onse pamodzi, uchuluka kawiri ndithu. Chifukwa chake a pansi alingane ndi a pamwamba, kapena a pamwambawo apose pang'ono, popeza mpweya wotentha ufuna malo aakulu.

Msinkhu wa balani uthandizanso, ngakhale pang'ono: kuti mpweya uchuluke kawiri, mtunda wa pakati pa mazenerawo utalike kanayi. Tsono balani yaifupi ifuna mazenera okulirapo.

Zenera lililonse likhale ndi chitseko chake. Mlimi atseka pamene masamba ali kusanduka achikasu, natsegula pang'onopang'ono ikafika nthawi yowaumitsa.