Wapampando Wanzeru Amayamba Wafunsa Asanaweruze

Mwezi wa Januwale ukafika m'midzi ya ku Katete, Petauke ndi Chadiza, udzu umakula msanga kupambana cimanga, ndipo munda wa kalabu umafuna manja a onse. Nthawi imeneyi ndiyo imagwedeza mabungwe ambiri a alimi. Membala akalephera kubwera kawiri kapena katatu, anzake amayamba kunong'onezana kuti ndi waulesi, ndipo pa msonkhano wotsatira dzina lake limafafanizidwa m'buku mwiniwake asanamvedwe.

Mabungwe otere sanayambe lero. Mu Januwale 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu mu Ndola, Pulezidenti Kenneth Kaunda anapempha anthu a m'Zambia kuti apange makopaletivu. Ambiri anabadwa m'zaka zowerengeka, koma oculuka anafa asanakhwime cifukwa ca ngongole zosabwezedwa, mabuku osasungidwa bwino ndi kukayikirana kwa mamembala. Ndipo pamene Boma linayamba mu 2002 kupereka fataleza ndi mbewu pa mtengo wotsika kudzera m'magulu a alimi, dzina la m'buku linasanduka cinthu ca mtengo wapatali. Wocotsedwa angataye thumba la fataleza, ndipo banja lake lingagone ndi njala caka cotsatira.

Koma kodi wosabwerayo ndi waulesidi? Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitauma. Mai wamasiye amene ufa wamuthera amalawirira ku ganyu m'munda wa wina kuti ana adye madzulo. Ndiyonso miyezi imene malungo amagwira kwambiri, ndipo cipatala cingakhale ulendo wa tsiku lathunthu. Wina ali pa maliro kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Zonsezi sizioneka m'buku la mlembi. M'menemo mumangolembedwa kuti sanabwere.

Cotero wapampando wanzeru sadzudzula munthu pa gulu. Amatenga membala mmodzi wacikulire napita kunyumba kwake. Atapereka moni, m'malo monena kuti, "Cifukwa ciani mukuthawa nchito?" amati, "Amai, takusowani ku munda. Kodi kuno kwagwanji?" Akatero amakhala cete ndi kumvetsera mpaka wolankhulayo atsirize. Yankho likamveka, njira imapezeka: tsiku la nchito lingasinthidwe, m'bale angagwire m'malo mwake, wodwala angapatsidwe nchito yopepuka monga kusenda nshawa, ndipo copereka cingayembekeze nthawi yokolola.

N'cimodzimodzi ndi membala wosalankhula pa msonkhano. Mwina sadziwa kuwerenga ndipo acita manyazi. Mlembi akawerenga zonse mokweza, iyenso amatulutsa nzeru zake. Msungacuma amene ndalama zake sizikugwirizana ndi buku ayenera kuyamba wakhala pansi ndi anzake awiri kuwerenganso malisiti, pakuti kulakwa masamu si kuba, ndipo dzina la wakuba likamatirira munthu m'mudzi silicoka msanga.

Kufunsa sikutanthauza kulekerera. Waulesi weniweni amadziwika bwino pamene wafunsidwa nasowa coyankha, ndipo pamenepo malamulo a bungwe amagwira nchito popanda wodandaula. Ngakhale pa bwalo, a nyakwawa sagamula mlandu atamva mbali imodzi yokha. Akulu akale ananena kale kuti safunsa anadya phula.