Ku Kasisi rozi sagulitsidwa yekha: mbewu zomuperekeza ndizo zimateteza mpamba

Wamalonda amene amapikula mbande za maluwa a rozi ku Blantyre n'kutsika nazo ku Chikwawa amayenda makilomita pafupifupi 50 okha, koma mbandezo zimafika kumalo osiyana kwambiri ndi kumene zinakulira. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe midzi ya m'mbali mwa Shire m'dera la T/A Kasisi ili pafupifupi mamita 100 basi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha m'chigwachi kumapitirira madigiri 40, chonsecho rozi amakula bwino kukamatentha pakati pa madigiri 15 ndi 28. N'chifukwa chake minda ikuluikulu ya rozi mu Africa ili kumalo okwera, monga ku Naivasha m'dziko la Kenya.

Ngakhale zili choncho, ogula alipo. Matchalitchi, masukulu, maofesi a pa boma la Chikwawa, nyumba za ogwira ntchito ku Nchalo komanso malo ogona alendo kufupi ndi Majete ndi Lengwe, onsewa amafuna pakhomo pooneka bwino, ndipo duwa limene ambiri amayamba kufunsa ndi rozi. Vuto limabwera pakatha masabata atatu, pamene masamba apsa m'mphepete, duwa lafota ndipo wogula wabwerera pabenchi kudzadandaula. Wogulitsa amataya ndalama komanso mbiri, ndipo pamsika waung'ono mbiri yoipa sichedwa kufala.

Masamu ake ndi osavuta. Mwachitsanzo, ngati munthu wapikula mbande 20 pamtengo wa K3,000 iliyonse, walowetsa K60,000. Zikafa 8 zisanagulidwe, 12 zotsalazo zimakhala kuti zamudyera K5,000 iliyonse, osawerengera thiransipoti ndi madzi. Kuti apeze phindu ayenera kukweza mtengo, ndipo mtengo ukakwera ogula amachepa. Njira yotulukira m'vutoli ili pawiri: kusankha rozi wopirira, ndi kumugulitsa pamodzi ndi mbewu zina zomuthandiza kupirira, zimene wamalonda angathe kufesa yekha kuseri kwa nyumba.

Kusankha rozi popikula

Si rozi aliyense amene angakhale ku chigwa. Wa maluwa ofiira kwambiri mpaka kuderako amapsa msanga, chifukwa mtundu wakuda umakoka kutentha. Woyera, wapinki wowala ndi wachikasu amaonekabe bwino dzuwa likalimba. Rozi wobereka maluwa ang'onoang'ono ambiri pa nthambi imodzi amapirira kuposa uja wa duwa limodzi lalikulu wa m'mashopu a ukwati. Chitsanzo chodziwika ndi rozi woyera wotchedwa Iceberg, amene anatulutsidwa ndi Reimer Kordes ku Germany mu 1958 ndipo lero ndi mmodzi mwa mitundu yofala kwambiri kummwera kwa Africa chifukwa cha kulimba kwake.

Popikula, wamalonda ayang'ane kunsi kwa masamba. Timadontho tachikasu ndi kaukonde kopyapyala ndi chizindikiro cha akangaude ofiira, amene amaswana mwachangu kukakhala kotentha ndi kouma. Mbande yotere ikafika ku Kasisi imapatsira zinzake zonse. Ayang'anenso pansi pa chubu: ngati mizu yatulukira n'kulowa m'nthaka ndipo yadulidwa tsiku lomwelo, mbandeyo idzafota panjira.

Ulendo wotsika uchitike m'mamawa, mbande zitaphimbidwa, osati masana kumbuyo kwa lole. Zikafika zikhale pamthunzi wopepuka kwa sabata imodzi kapena awiri zisanapite pamsika, kuti zizolowere. Machubu akuda akakhala padzuwa amatentha mpaka kuwotcha mizu, choncho ayenera kuzunguliridwa ndi udzu kapena kukwiriridwa pang'ono m'nthaka.

Anzake oyenera a rozi

Mbewu yoperekeza rozi kumalo otentha ili ndi ntchito zitatu: kuphimba nthaka kuti mizu isapse, kuchepetsa tizilombo, ndi kusunga bedi looneka bwino pa nthawi imene rozi wapuma kubereka. Iyeneranso kukhala yofuna madzi ofanana ndi rozi, ndiponso yosamulanda chakudya.

Yoyamba ndi marigold, duwa lachikasu kapena lofiirira la fungo lamphamvu. Mizu yake imatulutsa mankhwala amene amachepetsa timinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu, tomwe timavuta kwambiri m'dothi la mchenga kumalo otentha. Kuchokera pofesa, marigold amayamba maluwa pakatha masabata 6 mpaka 8, ndipo njere zake zimatengedwa ku maluwa ouma, kotero mbewu imagulidwa kamodzi kokha.

Yachiwiri ndi portulaca, kaduwa koyanga pansi ka masamba onenepa kamene kamatsegula maluwa dzuwa likatuluka. Mizu yake ndi yosazama, choncho salimbana ndi rozi, ndipo amayala pansi ngati mphasa n'kuteteza nthaka ku dzuwa. Kanthambi kothyoledwa n'kuzikidwa m'chubu kamagwira m'masiku ochepa. Kwa wamalonda, uyu ndi katundu wosalira mpamba.

Yachitatu ndi vinca, duwa loyera kapena lapinki limene limamera lokha m'mabwalo ambiri. Limapirira kutentha ndipo limabereka chaka chonse, moti bedi silioneka louma mu Okutobala pamene maluwa a rozi achepa ndi kuchepa msinkhu. Malo ake ndi m'mphepete mwa bedi chifukwa silifuna madzi ochuluka.

Palinso mbewu za fungo zimene ogula amazidziwa kale, monga anyezi wa masamba ndi mpungabwi. Fungo lake limasokoneza nsabwe za zomera, ngakhale silizithetseratu, ndipo wogulitsa wachilungamo asalonjeze kuti mbewuzi zilowa m'malo mwa kuyendera bedi. Ubwino wake wina ndi woti mayi wa pakhomo amapezapo chothira m'ndiwo kapena chothamangitsira udzudzu. Adyo amatchulidwa kwambiri m'mabuku a zamaluwa, koma amafuna nyengo yozizira kuti aike mitu, ndipo ku chigwa amangochita bwino akabzalidwa m'miyezi yachisanu. Lemon grass amathandiza kutchinga mphepo yotentha, koma tsinde lake limakula kwambiri, choncho abzalidwe mita imodzi kuchokera pa rozi.

Mbewu zing'onozing'ono zonsezi zitalikirane ndi tsinde la rozi masentimita 30 mpaka 45, kuti mpweya uziyenda. M'nyengo ya mvula, bedi lothinana limabweretsa matenda a madontho akuda pamasamba.

Zosayenera kugona bedi limodzi ndi rozi

Ogula ambiri amaganiza kuti mbewu iliyonse yopirira dzuwa ikhoza kukhala pamodzi ndi rozi. Bougainvillea, aloe ndi duwa lija lotchedwa desert rose zimakonda nthaka youma, ndipo zikamathiriridwa monga rozi zimaola mizu kapena kusiya kubereka. Desert rose si rozi ngakhale pang'ono. Mtundu wake wina umamera wokha m'tchire la chigwa cha Shire, ndipo utomoni wake ndi wapoizoni, zimene wogula amene ali ndi ana aang'ono ayenera kuuzidwa. Kukumba mbewu iliyonse m'nkhalango zotetezedwa za Lengwe ndi Majete ndi mlandu, choncho mbande zogulitsa zichokere ku njere kapena nthambi za pakhomo.

Nimu ndi mtengo wopezeka pafupifupi pakhomo lililonse ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo mthunzi wake wa masana ndi wothandiza, koma mizu yake imayenda patali n'kumwa madzi onse a m'bedi. Rozi akhale kunja kwa nthambi zake, kumbali ya kum'mawa, kumene angalandire dzuwa la m'mawa maola 5 kapena 6 n'kubisala masana. Khoma la nyumba loyang'ana kumadzulo ndi malo oipitsitsa, chifukwa limatulutsa kutentha mpaka usiku. Lantana, ngakhale ali ndi maluwa okongola, amafalikira n'kuwononga msipu ndipo amadwalitsa ng'ombe. M'dera la oweta ngati ili, si katundu woika pabenchi.

Funso la madzi ndi dothi

Wogulitsa wanzeru amafunsa wogula kumene amatunga madzi. Mijigo yambiri m'chigwa cha Shire imatulutsa madzi a mchere, ndipo rozi sagwirizana ndi mchere: masamba amapsa m'mphepete ngati awauka ndi moto. Amene ali ndi madzi otere ndi bwino kumulangiza kugula bougainvillea, vinca kapena desert rose. Kugulitsa katundu wotsika mtengo amene akhale moyo kumabweretsa wogula yemweyo kachiwiri. Madzi a mu Shire ndi a mvula alibe vutoli, ndipo ngalande ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi ku Kapichira, ikupereka chiyembekezo kwa a nazale amene ali kufupi nayo.

M'dothi la makande, limene limasunga madzi m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, bedi likwezedwe ndipo dzenje la masentimita 50 kuya ndi 50 m'lifupi lisakanizidwe ndi mchenga ndi manyowa. Ndowe za ng'ombe sizisowa ku chigwa, koma zikhale zoolerana bwino, chifukwa zaziwisi zimawotcha mizu. Pamwamba paphimbidwe ndi udzu wouma kapena mankhusu a mpunga, osagunda tsinde poopa chiswe. Kuthirira kuchitike m'mawa, patsinde, ndowa ya malita 10 mpaka 15 kawiri kapena katatu pa sabata m'nyengo yotentha. Mpanda nawo ndi wofunika, popeza mbuzi zikamasulidwa mbewu zitakololedwa, minga ya rozi siiziletsa.

Nazale yeniyeniyo ikhale pamalo okwera. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa kutalika kumene madzi a Shire ndi mitsinje yake angafike, ndipo machubu oikidwa m'dimba la m'mbali mwa mtsinje ndi oyamba kukokoloka.

Nthawi yogulitsa ndi kakonzedwe ka mtengo

Nthawi yabwino yogulitsa rozi wobzala ku Kasisi ndi kuyambira Epulo mpaka Julayi, mvula itatha ndipo kunja kukuzizira. Mbande yobzalidwa nthawi imeneyi imakhala itazika mizu kutentha kusanafike. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, limabweretsa ogula ambiri koma limagwa pakati penipeni pa kutentha. Rozi wogulitsidwa sabata imeneyo akhale wa mumphika, woti akakhale pakhonde mpaka mvula itayamba, osati wokabzala pabwalo tsiku lomwelo.

Pa mtengo, njira yothandiza ndi kumanga mtolo: rozi mmodzi, marigold atatu, portulaca atatu ndi anyezi wa masamba pang'ono, zonse pamtengo umodzi. Rozi ndiye wokopa wogula, ndipo phindu lake ndi lochepa chifukwa ndi wopikula. Phindu lenileni lili pa mbewu zoperekezazo, zimene zimangodya chubu, dothi, madzi ndi nthawi ya mwini wake. Kugulitsanso thumba la manyowa oola kapena la mankhusu pambali kumawonjezera ndalama komanso kumathandiza kuti mbande ikapulumuke.

Amene akuyamba kumene asapikule marozi ambiri ulendo woyamba. Khumi ndi okwanira kuyesera, ndipo awiri mwa iwo abzalidwe pakhomo kapena pafupi ndi benchi pamodzi ndi anzawo aja, kuti ogula aone okha bedi limene ladutsa Okutobala lili lobiriwira. Kulemba m'kope mtundu uliwonse umene wapikulidwa, tsiku lofika, ndi kuchuluka kwa mbande zimene zafa kumathandiza kudziwa mitundu yoyenera kuitanitsanso chaka chamawa. Pa nkhani ya tizilombo ndi dothi, alangizi a zaulimi a m'dera komanso malo a kafukufuku a Kasinthula ali pafupi, ndipo kufunsa kumatsika mtengo kuposa kutaya mbande.