Kuyamba kupalasa kayaki munthu utakula kale



Amene munafikapo ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, mudaona timabwato tosongoka kutsogolo ndi kumbuyo tikuyenda pakati pa mudzi wa Chembe ndi zilumba za Domwe ndi Mumbo. Timabwato timeneti ndi makayaki. Ambiri timawayesa zoseweretsa za alendo ndi achinyamata, koma bambo kapena mayi wa zaka 50 kapena 60 angathe kuphunzira kupalasa kayaki, malinga atayamba mwadongosolo.

Kayaki idachokera kwa anthu a kumpoto kozizira kwambiri, monga a Inuit a ku Greenland ndi Canada. Iwo ankakuta mafelemu a mitengo ndi zikopa za nyama za m'nyanja, n'kumakasaka. Lero makayaki ambiri ndi apulasitiki, ndipo mpikisano wake udalowa m'masewera a Olimpiki mu 1936 ku Berlin. Kusiyana kwake ndi bwato la asodzi athu kuli pawiri. Wopalasa amakhala pansi miyendo itatambasukira kutsogolo, ndipo nkhafi yake imakhala yophwatalala mbali zonse ziwiri, choncho amaviika kumanja ndi kumanzere mosinthana.

N'chifukwa chiyani masewerawa amayenera anthu achikulire? Mphamvu yoyendetsa kayaki sichokera m'mikono mokha. Wopalasa bwino amaponda potsamira mapazi, n'kupotoza chiuno ndi msana, mikono n'kungogwira nkhafi. Popeza munthu ali chikhalire, maondo sagundika monga zimachitikira pothamanga kapena pa mpira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kupalasa modekha kumawerengedwa pamenepo. Thupi ndi amana yochokera kwa Allah, ndipo kulisamala sikutha chifukwa imvi zamera. Aleksander Doba wa ku Poland adawoloka nyanja ya Atlantic yekha pa kayaki ali ndi zaka 64, kuchokera ku Dakar mpaka ku Brazil, ndipo mu 2017 adaiwolokanso ali ndi zaka 70. Ife sitikufuna zimenezo. Theka la ola pafupi ndi gombe n'lokwanira.

Komatu madzi salemekeza msinkhu. Amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mtima ayambe waonana ndi adokotala. Kenako aphunzire kusambira, ngakhale pang'ono. Jekete yoyandamitsa ivalidwe ndi kumangidwa nthawi zonse, chifukwa kayaki ikagubuduka palibe mpata woifunafuna. Woyamba kumene asankhe kayaki yotakata yokhala pamwamba, yopanda chibowo cholowetsamo miyendo, chifukwa munthu akagwa amangotsetsereka n'kukweranso. Phunziro loyamba likhale lomwelo: kugwa dala m'madzi ofika m'chiuno, n'kuyesa kukwera mphunzitsi ali pompo.

Chachiwiri ndi mphepo. Pa Nyanja ya Malawi mwera umawomba kwambiri m'miyezi yozizira, makamaka Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo umautsa mafunde mwadzidzidzi. Nthawi zambiri madzi amakhala bata m'mamawa, choncho mukatha swala ya Fajr ndipo kunja kwayera, imeneyo ndiyo nthawi yabwino. Yambani ulendo moyang'anana ndi mphepo kuti pobwerera, mutatopa, izikukankhani. Mphepo yochokera kumtunda kuloza pakati pa nyanja ndiyo yoopsa, chifukwa imakutengani mwakachetechete. Musapite nokha, ndipo a kunyumba adziwe nthawi yobwerera. Funsani asodzi za malo a mvuu ndi ng'ona, makamaka m'mabango ndi pamathiriro a mitsinje. Safunsa adadya phula. Madzi osayenda a m'mabango ndiwonso mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, choncho wokhudza madzi a m'nyanja kawirikawiri azikayezetsa kuchipatala.

Za kavalidwe musade nkhawa. Buluku lopepuka lalitali ndi malaya a mikono yaitali zimabisa thupi komanso zimateteza ku dzuwa. Amayi amange hijabu yaifupi n'kuilowetsa m'kati mwa jekete. Mkanjo ndi chitenje zisiyidwe kumtunda, chifukwa zikanyowa zimalemera n'kukulunga miyendo. M'mwezi wa Ramadhani ndi bwino kupumira kaye, popeza dzuwa la panyanja limaumitsa thupi msanga ndipo wosala sangamwe madzi.

Kugula kayaki si koyambira. Malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja amabwereketsa pa ola kapena pa tsiku. Funsani ngati jekete ndi wotsogolera zilipo musanalipire. Ilipo kayaki ya anthu awiri, ndipo inu ophunzira mungakhale kutsogolo, bambo kapena mayi ali kumbuyo akuwongolera.