Mmene amasankhira madokotala opita ku intavyu ya ukatswiri ku Britain

Chakumapeto kwa chaka chilichonse, madokotala masauzande ambiri ku Britain amadzaza mafomu pa Oriel, tsamba la pa intaneti lofunsirapo malo ophunzirira ukatswiri wa maopaleshoni, matenda a ana, matenda a maganizo ndi nthambi zina. Osankhidwa amayamba maphunziro mu Ogasiti chaka chotsatira. Malo ndi ochepa, mipata ya intavyu nayonso ndi yowerengeka, moti ambiri amagwera panjira asanaonane n'komwe ndi owafunsa mafunso.

Choyamba amaona ngati munthuyo akuyenera kufunsira malowo. Ayenera kukhala woyenera kulembedwa m'kaundula wa General Medical Council, bungwe loyang'anira madokotala m'dzikolo, komanso kusonyeza kuti ali ndi luso la dokotala amene wamaliza zaka ziwiri za Foundation, maphunziro oyamba a pa ntchito. Amene anaphunzira kunja, kuphatikizapo ochokera ku Malawi ndi Zambia, nthawi zambiri amatsimikiza zimenezi ndi fomu ya CREST, yosainidwa ndi dokotala wamkulu amene wagwira naye ntchito. Fomuyi ikaperewera penapake, ulendo umathera pomwepo.

Opyola apa amaikidwa pamndandanda malinga ndi mamalikisi. Nthambi zambiri zimadalira mayeso a pa kompyuta otchedwa MSRA, olembedwera m'malo a Pearson VUE. Pepala lina, la mphindi 75, limafunsa za matenda ndi chithandizo chake. Lina, la mphindi 95, limayesa nzeru ndi khalidwe pa ntchito. Tiyerekeze kuti mnzako wafika mu wodi usiku akununkha mowa, odwala akudikira. Uyambe chiyani, kumutengera pambali, kuuza dokotala wamkulu, kapena kungomugwirira ntchito yake? Wolemba mayeso amasanja mayankho kuyambira loyenera kwambiri mpaka losayenera. Mayesowa anayambira kwa ofuna kukhala ma GP (madokotala oona matenda osiyanasiyana m'madera), koma lero akugwiritsidwanso ntchito posankha a radiology, a maso, a azimayi ndi uchembere, ndipo kuyambira 2023 a maopaleshoni omwe. Kwa ma GP ndi a matenda a maganizo, malikisi a MSRA okha ndi amene akhala akugamula, popanda intavyu.

Nthambi ya Internal Medicine yakhala ikutsata njira ina. Dokotala amadzipatsa yekha mamalikisi pa zimene anachita: digiri yowonjezera, kafukufuku wosindikizidwa, kulankhula pamsonkhano wa madokotala, kuphunzitsa ena, ndi ntchito yokonza kasamalidwe ka odwala m'chipatala. Chilichonse chimafuna umboni, ndipo kudzikweza monama ndi mlandu umene ungafike ku General Medical Council.

Njirazi zili ndi ubwino woonekeratu. Onse amayesedwa ndi muyeso umodzi, ndipo kudziwana ndi bwana sikukuthandiza. Koma muyesowo umagwira zinthu zowerengeka zokha. Dokotala amene wakhala zaka zitatu akuona odwala ambirimbiri patsiku pachipatala cha boma, kupanga opaleshoni ya mayi wovutika pobereka pakati pa usiku, angapeze malikisi ochepa kuposa mnzake amene anali ndi mpata wolemba pepala limodzi la kafukufuku. Manja odziwa ntchito alibe bokosi lawo pafomu, ndipo odwala ndi amene amaluza dokotala wotere akatsala.

Mpikisano wakula kuchokera pamene, chakumapeto kwa 2019, malamulo anasintha n'kulola madokotala akunja kupikisana limodzi ndi a m'dzikolo. Mu Julayi 2025 boma linalengeza cholinga choti amene anaphunzira ku Britain aziikidwa patsogolo.

Choncho dokotala amene akulingalira njira imeneyi awerenge zofunikira za nthambi yake za chaka chimenecho, chifukwa zimasintha pafupipafupi. Akaphunzitsa ophunzira, apemphe kalata ya umboni tsiku lomwelo. Akakonza dongosolo la mankhwala mu wodi, alembe mmene zinalili poyamba ndi mmene zasinthira, wamkulu asainire. Ntchito yabwino imene waigwira kale ikuyenera kuonekera kwa osankha, ndipo iwo amaiona pokhapokha italembedwa.