Nkhani za Mowa: Zimene Manyuzipepala Anasiya

Mu April 2012, nduna yoona za maboma aang'ono, Pulofesa Nkandu Luo, analetsa kupanga ndi kugulitsa tujilijili. Manyuzipepala a Cingelezi monga Times of Zambia, Daily Mail ndi The Post analemba zambiri: mau a nduna, madandaulo a makampani, nchito zimene zinali kudzatha. Nkhani zotere zimakoma m'maofesi a mu Cairo Road ndi kumayadi ku Kabulonga ndi Woodlands. Koma mai wa ku Kabwata kapena Chelstone, amene mwana wake amamwa m'mawa asanadye, ali ndi funso lina: kodi mowawu umacita ciani m'thupi?

Tujilijili tunali mowa waukali, woposa Mosi pafupifupi kakhumi. Mowa wotere ukagwera m'mimba yopanda kanthu umalowa msanga m'magazi. Ukamwedwa masiku onse umaumitsa ciwindi, umakweza BP, ndipo womwayo amaiwala mankhwala ake a TB kapena ma ARV. Mapaketi anacoka, inde, koma mowa waukali womwewo unabwerera m'tumabotolo twa junta.

Lamulo la 2011 limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Mukaona wogulitsa akutero, kaneneni ku khonsolo kapena ku polisi.

Cina, makolo: munthu wozolowera kumwa kwambiri asaleke mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kukomoka kapena kuona zinthu zimene kulibe, thamangani naye ku kiliniki. Ku cipatala ca Chainama amathandizanso anthu otere.