Bwanji Zida Zina za Sayansi Zimadutsa pa Boda Osalipira Msonkho?

Ndili Folomu 2, pasukulu pathu panali maikulosikopu imodzi yokha, ndipo inkakhala m'kabati yokiya ngati ndalama za sukulu fizi. Tsiku lomwe aphunzitsi a Biology anaitulutsa, tinafola mzere mpaka pakhomo, aliyense kusuzumira pang'ono basi n'kupatsa mnzake danga. Ine ndinaona khungu la anyezi, timabokosi tondandalika bwinobwino ngati njerwa. Mnzanga wina anakweza mkono n'kufunsa kuti, "Sala, bwanji osangogula zambiri?" Aphunzitsi anaseka n'kuyankha kuti, "Iwe, zinthu izi sizipangidwa kuno. Uigule kunja, uinyamule, ikafika pa boda ulipirenso duty."

Yankho limenelo ndinakhala nalo zaka zambiri. Kenako ndinadzapeza kuti nkhani ya duty pa zida za sayansi ili ndi mbiri yakeyake, ndipo maiko anakhalirapo pansi kale kwambiri.

Tiyambe ndi duty. Umenewu ndi msonkho womwe boma limatenga pa katundu wolowa m'dziko. Kwathu kuno amatolera ndi a MRA, m'malo ngati Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe komanso m'mabwalo a ndege. Boma limautenga pa zifukwa ziwiri zikuluzikulu: kupeza ndalama zoyendetsera dziko, ndi kuteteza opanga katundu a m'dzikomo. Sopo wakunja akakwera mtengo chifukwa cha msonkho, wa kuno amagulidwa. Palibe cholakwika pamenepo.

Koma taganizani za chipangizo chomwe m'dziko lonse mulibe amene amachipanga. Msonkho wake ukuteteza ndani? Ndipo ngati wogulayo ndi yunivesite ya boma, ndiye kuti boma likungotulutsa ndalama m'thumba lakumanja n'kuika lakumanzere, uku kafukufuku akuchedwa. Mwachitsanzo chabe, tinene kuti msonkho ndi 10 pa 100 iliyonse, ndipo chipangizo chagulidwa pa madola 500,000. Msonkho wokhawo ukhala madola 50,000, ndalama zomwe zikanagula mankhwala a mu labu kapena kulipirira ophunzira angapo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, malaibulale ndi malabu ambiri ku Ulaya ndi ku Asia anali phulusa. Asayansi ankafuna mabuku ndi zida kuchokera kunja, koma pa malire aliwonse panali misonkho. Bungwe la UNESCO, lomwe linakhazikitsidwa nkhondoyo itangotha, linaitenga nkhaniyi. Pamsonkhano wake wa mu 1950 mumzinda wa Florence ku Italy, maiko anavomereza pangano lomwe mpaka lero limadziwika kuti Florence Agreement. Linasainidwa ku Lake Success, New York, pa 22 November 1950, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1952. Malawi ndi Zambia ali m'gulu la maiko omwe analowa m'panganoli.

Maiko analonjezana kuti sazilipiritsa duty pa mabuku, nyuzipepala, zojambulajambula zina, mafilimu ophunzitsira, mabuku a anthu osaona olembedwa mu Braille, ndi zida za sayansi. Mabuku anawapatsa njira yosavuta. Koma pa zida za sayansi anaikapo zingwe. Chidacho chikhale cha maphunziro kapena kafukufuku basi, chipite ku sukulu kapena bungwe la sayansi lomwe boma la dzikolo lalivomereza, ndiponso, apa ndiye pagona nkhani, m'dziko lomwe chikulowamo musakhale mukupangidwa chida china chofanana nacho pa ntchito ya sayansiyo.

Mawu akuti "chofanana nacho" amaoneka osavuta, koma ayeseni muone. Maikulosikopu ziwiri zikhoza kufanana maonekedwe, zonse zili ndi magalasi, zonse zimakuza zinthu, koma ina n'kumaonetsa zomwe inzake siingaonetse ngakhale mutaipukuta chotani. Kuti mumvetse, tiyeni tilowe mu Physics pang'ono.

Kuwala kumayenda ngati mafunde. Mtunda wochoka pamsonga pa funde limodzi kukafika pa linzake, pa kuwala komwe maso athu amaona, ndi pakati pa mananomita 400 ndi 700. Nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000,000. Tsopano mukapita kunyanja, onani momwe mafunde amachitira. Akakumana ndi thanthwe lalikulu amasweka, ndipo kuseri kwake kumakhala bata, moti ngakhale simukuliona thanthwelo mukhoza kudziwa kuti lilipo. Koma akakumana ndi bango limodzi amangodutsa ngati palibe kanthu. Kuwala nakonso n'chimodzimodzi: chinthu chikachepa kwambiri kuposa funde lake, kuwalako sikubweretsa chithunzi chomveka. Ernst Abbe wa ku Jena, Germany, anafotokoza malire amenewa mu 1873. Maikulosikopu wamba yogwiritsa ntchito kuwala siingasiyanitse tinthu tiwiri toyandikana kuposa mananomita pafupifupi 200.

N'chifukwa chake kuchipatala amatha kuona tizilombo ta malungo pagalasi lopaka magazi. Selo lofiira la magazi ndi lalikulu mananomita pafupifupi 7,000 mpaka 8,000, ndipo kachilombo kali m'kati mwakemo kamaoneka akakathira utoto. Koma kachilombo ka HIV ndi ka mananomita pafupifupi 120 okha. Pa maikulosikopu yathu ya anyezi ija, mungayang'ane mpaka maso kutuluka misozi, simukaona.

Mu 1931, Ernst Ruska ndi Max Knoll ku Berlin anapanga chipangizo chogwiritsa ntchito maelekitironi m'malo mwa kuwala. Maelekitironi othamanga kwambiri nawo amachita ngati mafunde, koma mafunde ake ndi aafupi kambirimbiri kuposa a kuwala. M'malo mwa magalasi, amawakhotetsa ndi maginito amagetsi, ndipo m'kati mwa chipangizocho amapopamo mpweya wonse kuti maelekitironi asamagundane ndi tizidutswa ta mpweya. Ruska anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1986, patapita zaka 55. Makina a masiku ano a mtundu umenewu amatha kuonetsa ngakhale mizere ya maatomu.

Ndiye wasayansi akanena kuti, "Ine ndikufuna kuona khungu la vairasi," simungamuuze kuti agule maikulosikopu ya kuwala poti ndi yopangidwa kwanu. Sizofanana pa ntchitoyo. Koma akanena kuti akufuna kuwerenga maselo a magazi, ndipo m'dzikomo muli fakitale yopanga chida chochita zimenezo bwinobwino, pempho lake ligwa.

Dziko lomwe ndimakonda kuperekera chitsanzo ndi America, chifukwa kumeneko zonse zimachitikira poyera. Iwo anachedwa. Lamulo lawo lotsatira panganoli linadutsa mu 1966, patapita zaka 16. Yunivesite kapena bungwe losachita malonda likafuna chida chakunja popanda duty, limalemba fomu yofotokoza dzina la chidacho, yemwe wachipanga, dziko lake, ndi kafukufuku yemwe chikagwire. Unduna wa zamalonda, womwe amautcha Department of Commerce, umasindikiza pempholo m'nyuzipepala ya boma ya Federal Register. Kenako pamakhala masiku 20 oti aliyense ayankhepo. Kampani ya ku America komweko ikhoza kudzuka n'kunena kuti, "Ayi, ifenso timapanga chimenecho." Ikatero, akatswiri amayerekeza zida ziwirizo potengera zomwe kafukufukuyo akufuna.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti mtengo sauwerengera. Simunganene kuti, "Chakunjachi n'chotchipa," kapena kuti, "N'chimene tinachizolowera," n'kuyembekeza kuti akumverani. Amafuna mutchule chinthu chenicheni cha sayansi chomwe chida cha m'dzikomo sichingachite. Poyamba ndinkaona ngati n'kukhwimitsa zinthu. Pano ndimaona kuti n'chilungamo, chifukwa kupanda apo aliyense akanangobisala kumbuyo kwa mawu oti kafukufuku kuti azembe msonkho. Anatsekanso mpata wina: chidacho chikasanduka chochitira malonda zisanathe zaka 5 chilowereni m'dziko, duty ija imalipiridwa ndithu.

Mukawerenga zidziwitso zimenezi mumapeza kuti maikulosikopu ya maelekitironi imatchulidwa kawirikawiri. Mayunivesite akuluakulu a ku America akhala akupempha makina a JEOL ndi Hitachi a ku Japan, a Zeiss a ku Germany, ndi ena opangidwa ku Eindhoven ku Netherlands kapena ku Brno ku Czech Republic. Chonsecho m'zaka za m'ma 1940 kampani ya RCA ya ku America komweko inali pakati pa otsogola popanga makina amenewa, koma inadzasiya. Ndiye mukamamva anthu akunena kuti ife timangoitanitsa chilichonse kunja, dziwani kuti pa zida zina ngakhale dziko lomwe linatumiza anthu kumwezi limalemba fomu yopempha.

Kwa ife funso loti "kodi chimapangidwa kuno?" nthawi zambiri silivuta kuyankha. Makina owerengera DNA kapena oyezera michere ya m'nthaka, omwe ofufuza za ulimi ndi zaumoyo amawafuna m'malo ngati Chitedze, Bvumbwe kapena m'malabu a mayunivesite athu, amachokera kunja. Mavuto athu amakhala pena.

Choyamba, kuchotsa duty sikutanthauza kuti katunduyo walowa ulele. Pangano la Florence limalolabe boma kutenga misonkho ya m'dziko momwemo, bola isapose yomwe katundu wofanana wa m'dzikomo amalipira, komanso ndalama zolipirira ntchito monga kusunga ndi kunyamula katunduyo. Kuonjezera apo, dziko lathu lilibe doko, kotero chinthu cholemera chikabwera pa sitima chimatsikira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, n'kuyenda ulendo wina wautali pamtunda. Chipangizo choti sichifuna kugwedezeka chimayenera kupakidwa mosamala kwambiri kapena kukwera ndege.

Chachiwiri ndi masipeyala. Mu labu ina yomwe ndinagwirako ntchito kwa kanthawi ndili wophunzira, munali makina oyezera kuchuluka kwa kuwala kodutsa m'madzi. Anali abwinobwino, koma anakhala chaka chathunthu ataphimbidwa nsalu chifukwa babu lake linapsa. Kababu koti mungakabise m'dzanja. Makinawo analowa mosavuta monga mphatso, koma kababuko kanafunika ndalama zakunja, makalata, ndi kudikira. Ife ophunzira tinkangojambula chithunzi chake m'makope n'kuloweza momwe amagwirira ntchito.

Vuto limeneli maiko analiona. Mu 1976, pamsonkhano wa UNESCO ku Nairobi, anaonjezera ndime zina m'panganoli, zomwe zimadziwika kuti Nairobi Protocol. Zina mwa zomwe analowetsamo ndi masipeyala a zida za sayansi komanso zipangizo zokonzera ndi kuyesera ngati zidazo zikuyeza molondola. Koma si maiko onse a m'pangano loyamba lija omwe anavomereza zoonjezerazi, ndipo dziko lililonse limakhala ndi malamulo ake a kasitomu onena ndondomeko yoyenera kutsata.

Mukadzalowanso mu labu ya pasukulu panu, tembenuzani sikelo, maikulosikopu kapena voltmeter muone kuseri kapena pansi pake. Nthawi zambiri pamakhala kachitsulo kapena kapepala kolembedwa dziko lomwe chinapangidwa, nambala yake, ndi mphamvu ya magetsi yomwe chimafuna. Ngati palembedwa 110 V kapena 120 V, chidacho chinapangidwira dziko ngati America, ndipo musachilumikize ku soketi yathu ya 230 V popanda thiransifoma.