N'chifukwa chiyani thirakitala yakale imakana kuyenda mowongoka?

Ana inu a m'munsi mwa phiri la Chambe, tsiku lina mukadzaona thirakitala ikudutsa mu msewu wochokera ku Chitakale kulowera ku Phalombe, itakoka ngolo ya mchenga kapena njerwa, musadzangoyang'ana utsi ndi matayala aakulu akumbuyo aja. Dzayang'aneni manja a adalaivala. Msewu ndi wowongoka bwinobwino, koma manja awo sakupuma. Akupotozera chiwongolero kumanja pang'ono, kenaka kumanzere, kenaka kumanjanso. Sakuchita masewera ayi. Thirakitalayo ikufuna kulowera kwake, ndipo iwo akulimbana nayo kuti isagwere m'ngalande.

Mathirakitala ambiri ofiira amene timawaona m'Malawi muno ndi a Massey Ferguson, ndipo ena mwa iwo ndi akale kuposa makolo anu. Mtundu wina wotchuka, Massey Ferguson 135, unatuluka mu 1964 ndipo unkapangidwa ku Coventry m'dziko la England. Werengani nokha zaka zake. Mtunduwu usanabwere panali kathirakitala kotuwa kotchedwa Ferguson TE20, kamene kanapangidwa pakati pa 1946 ndi 1956. Inu okonda mapiri mungakondwe kumva kuti Edmund Hillary, amene anafika pansonga pa phiri la Everest mu 1953, anayenda ndi timathirakitala ta mtundu wa TE20 pa madzi oundana mpaka kukafika ku South Pole mu Januwale 1958. Makinawa ndi olimba zedi. Injini zake zimatha kukhalitsa, koma zitsulo zowongolera matayala zimatha pang'onopang'ono osaoneka.

Kuti timvetse, titenge galimoto yamawaya imene ambiri a inu mumapanga. Muli ndi chiwongolero m'manja, pali waya wautali wotsikira pansi, ndipo wayayo mwamumangirira ndi mphira ku chitsulo chogwira matayala akutsogolo. Mphira uja akakhwefuka, mumapotoza chiwongolero koma matayala amayamba achedwa asanamvere. Akagunda kamwala amakhota okha. Chiwongolero chilibe mlandu, vuto lili pamfundo.

Thirakitala nayo ili ndi mfundo zake, kungoti ndi zachitsulo ndipo ndi zambiri. Chiwongolero chimazunguza chitsulo chotsikira m'bokosi lokhala ndi magiya ndi oyilo. Bokosilo limasuntha kamkono kachitsulo kam'mbali. Kamkonoko kamakankha kapena kukoka ndodo yachitsulo yopita kutsogolo, ndipo ndodoyo imakhotetsa mwendo umene pamakhala tayala. Kumapeto kwa ndodo iliyonse kuli kampira kachitsulo kokhala m'kachikho kake, kophimbidwa ndi labala kuti girizi asatuluke. Amakaniko amati tayirodi endi. Labala uja akang'ambika, fumbi la m'chilimwe limalowa, matope a m'dzinja nawonso amalowa, ndipo kuno ku Mulanje mvula sichita kupempha. Dothi likasakanikirana ndi girizi limayamba kupala chitsulo tsiku ndi tsiku, mpaka kampira kaja kamayamba kugwedera m'kachikho.

Nayi nkhani yeniyeni. Mfundo imodzi ikamagwedera pang'ono chabe, adalaivala sangazindikire. Koma tiyerekeze kuti mfundo zisanu zikugwedera, iliyonse milimita imodzi yokha. Kugwedera konseko kumaphatikizana. Pofika m'manja mwa adalaivala, chiwongolero chimatha kuyenda mpata waukulu tayala lisanasunthe n'komwe. Mu mpata umenewo tayala lilibe mwini, limatsata dzenje lililonse ndi mwala uliwonse.

Tsono amakaniko odziwa ntchito yawo sathamangira kumasula bokosi lija. Amayamba ndi zosavuta. Amaona mpweya wa matayala akutsogolo, chifukwa tayala limodzi likaphwa pang'ono thirakitala imakokera mbali imeneyo. Amaonanso ngati manati ogwira tayala ali omanga. Zimenezi sizidya ndalama.

Kenaka pamafunika anthu awiri, ndipo apa ndi pamene ine ndimapakonda kwambiri. Injini amaizimitsa, thirakitala amaiimika pamalo athyathyathya, kumatayala akumbuyo amaikako miyala. Mmodzi amakwera pampando n'kumagwedeza chiwongolero pang'onopang'ono, uku ndi uku, osakhotetsa kwenikweni. Winayo amanjuta pansi n'kumatsata kayendedwe ka zitsulo kuchokera ku bokosi mpaka ku tayala. Amagwira mfundo iliyonse ndi dzanja. Maso amatha kunamizidwa, koma chikhatho chimamva kugogoda kwakung'ono: go, go, go. "Gwedezaninso, achimwene," amatero, kenaka, "Basi, ndi pano." Lamulo lake ndi losavuta. Pamene chitsulo chimodzi chikusuntha koma chinzake cholumikizana nacho chikuchedwa kutsatira, pamenepo ndiye padyeka. Nthawi zina amapeza kuti palibe chadyeka, ndi kamkono chabe kamene nati yake yamasuka, kapena mabawuti ogwira bokosi lenilenilo.

Akatha apo amakweza kutsogolo ndi jeke, n'kuikapo zipika zolimba kuti thirakitala isawagwere. Amagwira tayala dzanja lina pamwamba lina pansi, n'kuligwedeza. Likamachita khwekhwerekhwe, pali zinthu ziwiri zoganizira, ndipo amasuzumira kuseri kwa tayala kuti asiyanitse. Ngati likugwedera tayala lokha mwendo uli chiimire, ndiye kuti ndi mabeling'i a pakati pa tayalalo, ndipo nthawi zina amangofuna kumangidwa ndi kupakidwa girizi. Ngati mwendo wonse ukugwedera limodzi ndi tayala, ndiye kuti adyeka ndi mabushi a chitsulo choimirira chotchedwa king'ipini, chimene tayala limazungulirapo pokhota.

Pali malo ena amene anthu amawaiwala. Chitsulo chachikulu chogwira matayala onse awiri akutsogolo sichinamangidwe nganganga ku thirakitala. Chimalendewera pa pini imodzi yaikulu pakati, kuti tayala lina likakwera pamzere linzake likhalebe pansi. Ndi nzeru yabwino kwambiri ya m'munda. Koma pini imeneyi ili pobisika, pansi pa mphuno ya thirakitala, ndipo opaka girizi amaidumpha kawirikawiri. Ikadyeka, kutsogolo konse kumasuntha, ngakhale mutagula matayirodi endi atsopano.

Amayezanso mmene matayala akuyang'anirana. Amatenga tepi kapena chingwe, n'kuyeza mpata wa pakati pa matayala awiri aja chakutsogolo kwake, kenaka chakumbuyo kwake. Chakutsogolo kumayenera kuchepa ndi mamilimita ochepa chabe. Matayala akayang'ana kunja, lililonse limafuna njira yake, ndipo amadyeka mbali imodzi. Ndodo imene inagunda chitsa n'kupindika imatha kubweretsa zimenezi.

Bokosi la magiya ndiye lomaliza, ndipo ine ndimati likhaledi lomaliza. Mabokosi ena ali ndi pomangira, choncho anthu ena amangolimanga mwamphamvu poganiza kuti athana nalo vuto. Koma taganizani: thirakitala nthawi zambiri imayenda chowongoka, ndiye magiya a m'bokosi amadyeka kwambiri pakati, m'mbali osadyeka kwenikweni. Mukamanga kuti pakati pasagwedere, chiwongolero chimadzalimba pokhota, mwina kukakamira kumene. Zimenezo ndi zoopsa kuposa kugwedera kuja. Choyamba kuona m'bokosimo ndi oyilo, chifukwa mabokosi ena amapezeka atauma kalekale kapena mutalowa madzi.

Nthawi zinanso zitsulo zonse zimakhala zabwino, koma katundu wakumbuyo ndiye walemera. Pulawo yolemera ikakwezedwa, kapena ngolo ikadzaza n'kutsamira kumbuyo kwa thirakitala, matayala akutsogolo amapepuka ndipo sagwira nthaka mokwanira, makamaka pachitunda. N'chifukwa chake mumaona zitsulo zolemera zitapachikidwa kutsogolo kwa mathirakitala ena. Si zokongoletsa ayi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi malo otsetsereka, ndipo kuno kwathu ndi ambiri, m'minda ya tiyi ndi m'njira zotsika kuchokera m'mbali mwa phiri. Kampira kaja kakadyeka kwambiri kamatha kuzuka m'kachikho. Zikatero tayala limapita kwake, ngolo yodzaza ikukankha kumbuyo, adalaivala atagwira chiwongolero chopanda ntchito. Choncho musalendewere kungolo ya thirakitala, ndipo ikamabwera patukani ndithu, musaime m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Amakaniko akamagwira ntchito, onererani chapatali, osalowa pansi.

Kuyesa kwanu kuchitike pa galimoto yamawaya. Mnzanu agwire matayala akutsogolo kuti asasunthe, inu mugwedeze chiwongolero pang'onopang'ono. Onani kuti chikuyenda mpata wotani. Kenaka tsatani waya ndi chala kuchokera m'mwamba mpaka pansi, mupeze mfundo imene ikugwedera, muimange ndi mphira watsopano, muyesenso.